Zimene p16 Sinathe Kunena

Longbridge, Birmingham
4 Malichi 2025

Okondedwa alamu anga a Jacqueline,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mponelako pamodzi ndi Zoe ndi Shannon, ndiponso kuti mvula sinakugwetsereni chimanga cha kuseri kwa sukulu. Kuno tilipo, kuzizira kokha. Musadabwe kuti ndalemba imelo m'malo moimba. Foni yanu imakhalira m'manja mwa Zoe, ndipo nkhani iyi sitikufuna kuti aidziwe asanalembe mayeso a Fomu 4. Ndikudziwa kuti imelo mumatsegula Loweruka lokha pa kompyuta ya ku TDC, kumalo a maphunziro a aphunzitsi kuja. Muyambe mwakhala pansi musanapitirize kuwerenga.

Achimwene a Osborne akudwala. Awapeza ndi khansa kumbuyo kwa lilime, cha kummero, ndipo yatupitsa khosi mbali ya kumanzere. Chotupacho anachiona mu Disembala akumeta ndevu, koma amuna anu mukuwadziwa. Anangogula mankhwala otsukira m'kamwa n'kumapita ku shifiti ngati palibe kanthu, kukanyamula nkhalamba kunyumba yozisamalira ku Telford, iwo eni kumeza kukuwavuta. Ine ndinadziwa mu Febuluwale atabwera kudzacheza, nditaona kuti nyama akuikankhira m'mbali mwa mbale. Nditafunsa anati ndi mano. Ndinawagwira pakhosi mwamakani, n'kuchipeza chotupacho. Zaka zisanu ndakhala mu labu ndikuyang'ana khansa zomwezi za m'kamwa ndi pakhosi, mchimwene wanga weniweni n'kundibisira miyezi iwiri. Ndinawakalipira njira yonse mpaka kuchipatala, sindikubisirani.

Madokotala adula kachidutswa ka chotupacho kuti akayeze. Ndikufotokozereni pang'ono, poti ndinu aphunzitsi. Khansa za pakhosi sizifanana ngakhale dzina lili limodzi. Selo iliyonse ya m'thupi ili ndi malangizo ake amene timawatcha DNA, ndipo khansa imayamba malangizowo akasokonekera. Kusokonekerako kumasiya zizindikiro zimene timatha kuziona pa galasi, ndipo zizindikirozo ndi zimene zimatiuza ngati chotupa chidzamva mankhwala msanga kapena chidzachita makani. Tikudikira chizindikiro china chotchedwa p16.

Tsopano pempho langa. Chithandizo chake ndi masabata asanu ndi limodzi a radiyesheni, makina owotcha chotupa ndi cheza champhamvu, pamodzi ndi mankhwala a m'diripi. Kuno kulibe zoti gadiyani agone pansi pa bedi. Wodwala amachokera kunyumba tsiku ndi tsiku, ndipo pakati pa chithandizo munthu amalephera kumeza ngakhale malovu. Ndiwatenga adzakhale kwa ine, koma ine ndimachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Akufunika inu. Viza yawo ya ntchito simalola kubwera ndi banja, koma viza ya mlendo ndi yotheka. Makalata a kuchipatala ndi kalata yanga yokuitanani ndatumiza limodzi ndi imelo ino. Mupemphe tsiku lokadinda zala za vizayo ku Lilongwe lero lomwe, musadikire Loweruka linalo.

Mundiyankhe msanga.

Mlamu wanu,
Dinnah


Mponela
8 Malichi 2025

Alamu a Dinnah,

Kuno tadzuka, ana ali bwino, chimanga chilipo. Ine ndiye sindikudziwa ngati ndili bwino. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, mnzanga wa Sitandade 6 ali pambuyo panga kudikira kompyuta, ine n'kumanamizira chimfine.

Ndiye kuti Lamulungu lililonse pamene bambo a Zoe amandiimbira n'kumati mawu asasa chifukwa cha chisanu, amandinamiza? Ine mpaka kumawalangiza za ndimu ndi uchi ngati chitsiru. Muwauze kuti ndapsa mtima, ndipo ndidzawakalipira ndikadzafika. Pakadali pano adye.

Tsiku lodinda zala andipatsa 27 Malichi. Ahedi ndawauza kuti amuna anga akudwala, sindinatchule matenda, ndipo akuti tchuthi chitheka. Ana adzakhala ndi mng'ono wanga.

Koma alamu, pali mawu amodzi m'kalata mwanu amene andisowetsa mtendere. Mwati DNA. Ine sayansi yanga ndi ya ku pulayimale, koma ndikudziwa kuti DNA ndi imene mwana amatengera kwa makolo. Apongozi anga, bambo anu, sanamwalire ndi chotupa cha pakhosi? Ndinawasamalira ine ku Dowa, ndikudziwa mmene mawu awo anathera. Lero ndi mwana wawo. Mawa ndi ndani? Shannon anadandaula pakhosi Lachinayi, ndipo ndikafika kunyumba ndikamuunika m'kamwa ndi tochi. Ngati ndi matenda a kumtundu mundiuze poyera, ndidziwe chochita ndi ana anga.

Ndipo musandilembere mwachimalawi. Ndikudziwa mmene timachitira: munthu ali kayakaya ife n'kumati akupezako bwino, mpaka tsiku lomwe galimoto yaima pakhomo. Ine ndine mkazi wake wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chilichonse chimene dokotala wanena, mundilembere monga wanenera, osachotsa kanthu.

Ndine mlamu wanu,
Jacqueline


Longbridge, Birmingham
19 Malichi 2025

Okondedwa alamu,

Moni wa chimwemwe lero. Muli bwanji nonse? Shannon muleke kumuunika ndi tochi, mwanayo alibe kanthu.

Zotsatira zatuluka dzulo, ndipo p16 yapezeka. Musachite mantha ndi mawu oti yapezeka, chifukwa apa ndi pamene timafuna. Kuti muone mmene zimakhalira: kachidutswa kaja amakadula mopyapyala kuposa pepala, amakaika pa galasi n'kuthirapo mankhwala. Maselo amene ali ndi p16 yambiri amasanduka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Galasi la achimwene sindinaligwire, malamulo salola munthu kuyeza m'bale wake, koma dokotala anationetsa chithunzi pa kompyuta, ndipo chinali chofiirira ponseponse. Ndaonapo magalasi oterewa mazanamazana, koma dzulo ndinalira pamaso pa azungu. Khansa yotere imamva radiyesheni kwambiri. Mwa anthu khumi odwala ngati iwowa, amene sasuta fodya, ambiri ndithu amachira.

Za ana, mtima ukhale m'malo. Kusokonekera kwa DNA kumene ndinanena kuli m'chotupa mokha, sikuli m'thupi lonse, ndiye mwana sangatengere. Za bambo zinali zina. Iwo anasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, ndipo khansa za fodya nthawi zambiri zimaononga malangizo ena otchedwa TP53, amene ntchito yake ndi kuletsa selo yoonongeka kuti isachulukane. Zotupa zoterozo ndiye zamakani. Ya achimwene yayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, ndipo ayezanso kachiwiri kuti atsimikize, kapezekadi. Kachilomboka kakalowa m'selo kamaononga mabuleki ake, ndipo selo poyesa kudziletsa imapanga p16 yochuluka. N'chifukwa chake galasi limafiira. Mwaona? Si za kumtundu ayi.

Radiyesheni ayamba pa 14 Epulo kuno ku Birmingham. Sabata yamawa akawachotsa mano awiri a kumbuyo, chifukwa dzino lobooka limavuta likawotchedwa, kenako akawaumbira chigoba cha pulasitiki chogwira mutu kuti asagwedezeke pa makina. Mukadinda zala pa 27, viza imatenga pafupifupi masabata atatu, ndiye mudzangophonya masiku oyamba okha, amene savuta. Chipinda ndakonza kale. Jekete musagule, ndili nazo.

Mundiuze mukabwerako ku Lilongwe.

Dinnah


Longbridge, Birmingham
2 Epulo 2025

Alamu,

Muli bwanji? Loweruka ladutsa kawiri osamva kanthu. Ngati ndi magetsi ku TDC, mukanangotumiza ka uthenga pa foni koti ndabwerako, Zoe sakanadziwa kanthu. Achimwene aimba Lamulungu lapitali kanayi, foni kumangoitana. Kachisanu anayankha Shannon n'kunena kuti amayi ali kumunda. Kumunda kwake kuti, Lamulungu masana?

Munapita ku Lilongwe kapena ayi? Mano awachotsa, chigoba awaumbira, ndipo awaika kapaipi pamimba kodzadyera kukhosi kukadzatsekeka. Akungokhala pawindo kuyang'ana mabasi. Ine mutu wanga sukugwira, ku labu dzulo ndinalemba nambala yolakwika pa galasi mpaka kuyambiranso ntchito ya tsiku lonse. Chonde yankhani.

Dinnah


Mponela
5 Epulo 2025

Alamu a Dinnah,

Tili moyo. Magetsi analipo, kompyuta inali bwino, kalata yanu ya chimwemwe ndinaiwerenga pa 22 Malichi. Ku Lilongwe sindinapite.

Mwaiwala kuti pa sukulu pathu mphunzitsi wa zaumoyo ndine? Chaka ndi chaka anamwino akabwera ndi katemera wa HPV, amene amaika atsikana pamzere ndine. Ndimawagwira mkono akamalira. Ndimayenda m'midzi kukauza makolo kuti katemerayu satseketsa kubereka, ndipo akandifunsa kuti kachilomboka kamayenda bwanji, ndimawayankha mosapita m'mbali kuti kamayenda pogonana. Ndiye inu mwandilembera mabuleki, mwandilembera tiyi wopanda mkaka, koma chinthu chimodzi chokhacho mwachilumpha. Munaganiza kuti mphunzitsi wa kumudzi sadziwa?

Ine chaka chathunthu ndagona ndekha. Ndalima ndekha, ndalera ndekha, anthu kumandiseka kuti amuna opita kunja sabwera okha. Ndinkawayankha kuti a Osborne si otero. Lero mukuti ndikwere ndege ndikapukute malovu a munthu amene matenda ake anawatenga mwa njira imeneyo, pakhosi pomwe. 

Chithunzi cha pa Khirisimasi ndikadali nacho, chija anatumiza ali ku pate ya kuntchito atavala chipewa chofiira. Pali mzimayi wawakoleka mkono paphewa. Nditafunsa anati ndi Courtney, mnzawo wa pa shifiti. Ndachikulitsa chithunzicho mpaka nkhope kufufutika. Ngati ndi ameneyo, abwere iyeyo adzagone m'chipinda mwakonzacho.

Sindikufuna kuti afe, Mulungu akudziwa. Ndikuwapempherera m'mawa uliwonse, kenako ndimapsanso mtima ndisanamalize kuvala. Koma sindinyamuka ndisanadziwe. Nkhaniyi ndaitula kwa ankhoswe, amalume anu a Nedson, pamodzi ndi achimwene anga. Munati munthu asadziwe, koma ukwati uli ndi eni ake, ndipo ine pandekha zandikulira.

Jacqueline


Mponela
12 Epulo 2025

Mphwanga Dinnah,

Ndine malume ako Nedson. Ndikupereka moni kwa iwe ndi kwa wodwalayo. Kuno tilipo, kupatula bondo langa. Kalatayi ndalemba pamanja, ndipo amake Zoe aijambula kuti ikupeze lero.

Tinakhala pansi Lachitatu, ine ndi nkhoswe wa kuchikazi. Tinamva mbali imodzi. Mbali inayo ili kutali ndipo akuti ikuvutika kulankhula, ndiye mlandu sitinaugamule. Ine Osborne ndinamulera, sindikufuna kumuweruza ndi mphekesera. Komanso mayiyu wakhala nafe bwino zaka zonsezi, ndipo misozi yake si yopeka.

Tinagwirizana kuti mboni yabwino ndi iweyo, poti makina amene anaona kachilomboka ndi a ntchito yako. Ine ndinagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu. Kalata iliyonse, ngakhale yopanda dzina la wolemba, inkabwera ndi chidindo chonena malo amene yachokera ndi tsiku limene inaponyedwa. Sindikhulupirira kuti azungu angapange makina oona kanthu kosaoneka ndi maso, n'kuiwala kuikapo tsiku. Choncho tikupempha kuti ukayang'anenso bwinobwino, utiuze zinthu ziwiri. Choyamba, kachilomboka kanalowa liti, chaka ndi mwezi ngati n'kotheka. Chachiwiri, ndi ka kuno kwathu kapena ka kumeneko.

Ukatiyankha zimenezi ife timaliza nkhani tsiku limodzi. Ngati walakwa apepesa mwa mwambo, mayiyu anyamuka. Ngati sanalakwe, mayiyu apepesa, anyamukanso. Usaope kuti ndi m'bale wako. Unene zoona zokhazokha.

Ndatha ine malume ako,
N. Chimphepo


Longbridge, Birmingham
13 Epulo 2025

Amalume ndi alamu,

Ndakulemberani kalata imodzi chifukwa mphamvu zolemba ziwiri ndilibe. Moni nonse. Amalume, bondolo mukaonetse kuchipatala, musachite za mphwanu Osborne.

Kachilombo kalibe chidindo cha ku positi. Ndikanakonda kakanakhala nacho, bwenzi lero ndikugona tulo. Galasi lija limangonena kuti chotupa ichi chayamba ndi HPV, basi. Silinena tsiku, silinena dziko, silinena dzina la munthu. Palibe labu pa dziko lapansi imene ingakuyankheni mafunso awiriwo, ndipo amene angakuuzeni kuti angathe ndi wabodza.

Chimene ndingalumbire ndi ichi. Kachilomboka sikapanga khansa m'chaka chimodzi. Kamakhala phee m'thupi zaka khumi, makumi awiri, ngakhale makumi atatu, munthu osamva kanthu. Achimwene anafika kuno Epulo wa chaka chatha. Ndiye za ku Telford ziiwaleni. Courtney amene mwamukulitsa mpaka kufufutikayo ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi amene wakhala akusinthana nawo mashifiti kuti azipita kuchipatala. Komanso mudziwe kuti anthu ambiri amene anakhalapo ndi mwamuna kapena mkazi amakatenga kachilomboka nthawi ina m'moyo mwawo. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Kwa ochepa kamatsalira. Kakhoza kukhala ka m'banja, kakhoza kukhala ka unyamata wawo asanakuoneni n'komwe, kakhoza kuchokera mbali iliyonse. Ndikudziwa kuti yankho ili silikoma, koma lina ndilibe.

Alamu, pali chimene sindinakuuzeni. Tsiku la zotsatira lija, dokotala atatchula HPV, achimwene anafunsa namwino funso lomweli mukufunsa inuli, koma lokhudza inu. Namwinoyo anawayankha zomwe ndalemba pamwambazi, anawapatsanso kapepala. Tili pa siteji ya basi anang'amba kapepalako n'kunena kuti, “Dinnah, funso lija ndalimeza, silidzatulukanso. Ukamalemba kumudzi ungoti marizati ali bwino. Mawu a HPV usalembe, madamu amadziwa zinthu zimenezi.”

Ine ndinalemba. Munali mutandiuza kuti ndisachotse kanthu, munali ndi mantha ndi ana, ndipo ine ndinali wosangalala ngati mwana wakhoza mayeso. Ku labu mawu amenewa timawatchula tikumwa tiyi, mpaka ndinaiwala kuti ali ndi minga. Ndinalemba theka, theka lovutalo n'kulisiya, ndiye munalipeza nokha pa kompyuta ya ku TDC popanda wokufotokozerani. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndipo ndapepesa. Koma inunso mwandikhumudwitsa. Masabata awiri munakhala chete, tsiku la zala n'kudutsa, pamene funso limodzi lokha kwa ine likanakwana.

Mawa nthawi ya 9 koloko ayamba. Chigoba chija amachimangirira ku bedi, munthu osatha kutembenuka ngakhale pang'ono, ndipo tsiku loyesa anatuluka thukuta lili kamukamu. Ku ntchito andilola kulowa masana kwa masabata awiri okha. Pambuyo pake azikwera basi okha.

Chomaliza, alamu, ndipo ichi si cha mlandu. Inu amene mumaika ana pamzere, munayezetsapo khomo la chiberekero? Pitani sabata ino. Mayi aliyense ayenera kutero, kaya mwamuna wake akudwala kaya ayi.

Dinnah


Mponela
10 Meyi 2025

Alamu anga a Dinnah,

Muli bwanji, nanga odwalawo? Kuno ana ali bwino, tayamba kukolola. Kalata yanu ndinaiona pa 26 Epulo, chifukwa Loweruka la Pasaka ku TDC kunali kotseka. Amalume nditawawerengera anavula magalasi n'kunena kuti sayansi yawakhumudwitsa. Mlandu auimika, akuti palibe pogwira.

Funso lanu lomaliza linandichititsa manyazi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulalikira za katemera, ine mwini ndinali ndisanakwerepo pa bedi loyezera. Ndinapita Lachiwiri lapitali. Namwino anapaka viniga woyezera uja n'kupeza kabanga koyera. Akuti si khansa, koma kakanasiyidwa kakanatha kudzasanduka. Anakawotcha pomwepo, ndipo ndibwererenso chaka chamawa. Ndinamufunsa kuti ndiye kuti ndinapatsidwa kapena ndinapatsa? Anandiyang'ana ngati ndamufunsa tsiku lobwera Yesu.

M'minibasi pobwerera ndinayamba kuwerenga zaka zanu zija, khumi, makumi awiri, makumi atatu. Ndinabwerera nazo m'mbuyo mpaka ndinadutsa tsiku la ukwati wathu, ndinakafika ku koleji ya aphunzitsi. Kumeneko kunali munthu, bambo a Zoe ndisanawadziwe. Izi amalume sindinawauze, ndipo inu simuwauza. Sindikunena kuti ndine. Sindikunenanso kuti si iwo. Chimene chikundipweteka n'choti sindidzadziwa mpaka kufa, ndipo ine ndine munthu wokonda kuchonga, ichi chakhoza, ichi chalakwa. Koma zoti iwo anafunsa funso lomwelo n'kulimeza, pamene ine langa ndinapita nalo kwa ankhoswe, zimenezo zandikhala pamtima ngati mwala.

Ndapemphanso tsiku la zala. Andipatsa 15 Meyi, kulibe lina lapafupi. Ndawerenga pa kalendala ya mu ofesi, masabata atatu akundifikitsa mu Juni, inu munati chithandizo ndi masabata asanu ndi limodzi. Ndiye kuti ndidzafika zonse zitatha. Ndinalira pamaso pa ahedi, chimfine sichinandithandize ulendo uno.

Zoe ndamuuza. Anati ankadziwa kale kuti chilipo, chifukwa adadi ake anasiya kutumiza mavoisi n'kuyamba kulemba.

Ndayesa kuwaimbira kawiri, sakuyankha. Ngati sakufuna kundimva, mundiuze. Ngati kubwera kwanga kulibenso ntchito, mundiuzenso, osachotsa kanthu.

Mlamu wanu,
Jacqueline


Longbridge, Birmingham
29 Meyi 2025

Amake Zoe,

Ndine ndemwe, Osborne. Muli bwanji ndi ana? Dinnah wandibwereka laputopu yake. Foni sindinkayankha chifukwa mawu anatha pa sabata yachinayi. Ndikatsegula pakamwa pamangotuluka mphepo, ndipo sindinafune kuti mumve zimenezo muli nokha.

Radiyesheni ndamaliza dzulo, maulendo makumi atatu. Masabata anayi omaliza ndinkapita ndekha pa basi, thaulo m'manja chifukwa cha malovu. Tsiku lina ndinapitirira siteji mpaka dalaivala anachita kundigwedeza. M'chipinda chodikirira aliyense ankabwera ndi wake womugwirira chikwama. Sindikunamizani, ndinkakwiya nanu. Akandimangirira chigoba chija ndinkakuyankhani mumtima mawu ambiri, ena oipa, ndipo mwina ndi mwayi kuti pakamwa panali potseka. Chigobacho andipatsa kuti ndisunge. Dinnah akuti titaye, ine ndakana, ndikufuna mudzachione.

Kalata yanu ya pa 10 Dinnah anakana kundiwerengera yonse. Anangondiuza za kabanga kaja, kuti anakapeza msanga. Pamenepo ndiye ndinalira, pakhosi kupweteka ngati ndameza makala. Mbali imene anailumphayo sindikuifuna. Funso lanu sindingaliyankhe, chifukwa nanenso sindikudziwa. Ndinali mnyamata ndisanakupezeni, zimenezo simungadabwe nazo. Chichokereni kwa abusa tsiku la ukwati lija sindinapite kwina, koma galasi la Dinnah silingandichitire umboni, ndiye mungokhulupirira kapena ayi. Funso langa ndinalisiya pa siteji ya basi.

Mwafunsa ngati kubwera kuli ndi ntchito. Namwino wandiuza kuti cheza chija chimapitiriza kuwotcha m'kati ngakhale makina atazima, ndipo masabata awiri kapena atatu akubwerawa ndiye owawa kuposa onse. Ndikudyera pa kapaipi. Madzi akukoma ngati chitsulo. Ndiyenera kuphunziranso kumeza, supuni imodzi imodzi, ndipo Dinnah alibe chipiriro, amandiwerengera ngati ali ku labu. Sikani yoona ngati chotupa chatheratu ndi ya kumapeto kwa Ogasiti. Ndiye simunaphonye zonse ayi, zoipa zenizeni zikukudikirani.

Viza ikatuluka musadikire Loweruka, muuze Zoe atumize uthenga. Musanyamule ufa kapena usipa, sindingadye. Mubwere ndi mpango wanu wobiriwira uja basi, kuno Juni akuti ndi nyengo yotentha, koma kumachitabe mphepo.

Pa bwalo la ndege musakayang'ane munthu wonenepa wa pa chithunzi cha Khirisimasi. Ndatsika makilo khumi ndi anayi, ndevu zatsala mbali imodzi, ndipo khosi lada ngati mphika. Ndidzaima pafupi ndi Dinnah, nditavala jekete yakuda. Ine sindidzatha kukuitanani. Mudzayambe ndinu.

Mwamuna wanu,
Osborne